Munthu akaphedwa pakati pathu kuno ku Harare: zimene taphunzira pa maliro otere

Maliro a munthu wochita kuphedwa sayenda ngati maliro ena. Wodwala akatisiya ali kuchipatala, njira yake tonse timaidziwa: uthenga upite, anthu asonkhane pasiwa, bokosi lipezeke, tsiku lachitatu tili kumanda. Koma munthu akabayidwa usiku akuchokera kuntchito, akamenyedwa kumowa, kapena akafera m'manja mwa amene ankagona naye chipinda chimodzi, thupi lake siliperekedwa kwa abale nthawi yomweyo. Limayamba lakhala m'manja mwa boma, ndipo abale amatsala ndi mkwiyo, mantha, ndi khamu la anthu pakhomo losadziwa chochita. Ife amene tikulemba izi takhala zaka zambiri m'makomiti a maliro a anthu ochokera kwathu ku Malawi okhala ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth, ena a kutchalitchi, ena a kumzikiti. Anthu athu chifundo ali nacho, chimenecho sitinachikayikepo. Chimene chimasowa ndi munthu wogawa ntchito, komanso mphamvu zimathera m'masiku atatu oyamba pamene nkhani yotere imatenga miyezi, nthawi zina zaka.

Ngati munthuyo akupumabe, zina zonse zidikire. Pindani nsalu yoyera, dinikizani pabala mwamphamvu, osachotsachotsa kuti muone ngati magazi aleka. Akalowerera nsaluyo, sanjikani ina pamwamba. Mpeni ukakhala kuti uli m'thupi musauzule, ndipo musamumwetse madzi ngakhale apemphe. Ambulansi ndi 994, apolisi ndi 995, komabe mnyamata wina athamangire ndithu kupolisi yapafupi, ndipo galimoto ya aneba ikapezeka msanga, nyamukani. Pali ena amene amayamba adzera kupolisi kukatenga kalata wovulala ali m'galimoto. Wovulala apite kuchipatala, wina ndiye apite kupolisi, kalatayo idzamupeza ali pabedi.

Ngati watisiya kale, manja onse abwerere m'mbuyo. Apa m'pamene mtima wabwino umawononga mlandu. Mayi wachifundo amafuna kum'funditsa, kum'tseka maso, kum'wongola miyendo. Wina watola foni kuti aisunge, wina waponda mapazi a chigawenga, wina wabwera kale ndi ndowa kuti atsuke magazi ana asanadzuke. Zonsezi ndi ulemu, koma apolisi akafika amapeza umboni utafufutika, ndipo amene anatola mpeni uja zala zake ndi zimene zatsalapo. Ulemu womwewo ungaperekedwe mwanjira ina. Amayi anayi kapena asanu amasule zitenje zawo zapamwamba, aime mozungulira chapatali pang'ono, atatembenukira kunja, zitenje atazitambasula ngati mpanda. Malemu abisika ku maso a anthu, ana saona, wojambula ndi foni sapeza mpata, ndipo palibe chakhudzidwa. Manja akalema asinthane ndi ena mpaka apolisi afike.

Za mafoni tinene mosapsatira. Chithunzi cha mtembo chikalowa pa WhatsApp, chimafika ku Dedza kapena ku Mangochi ola lisanathe, ndipo mayi wobereka amamva za imfa ya mwana wake poona nkhope yake ili m'fumbi. Bala limenelo silipola. Mkulu mmodzi aimirire n'kunena kuti pasapezeke wojambula kapena wotumiza, ndipo oyang'anira magulu a WhatsApp a mpingo ndi a sosayate yothandizana pa maliro atseke kaye magulu awo kuti azilemba iwo okha. Uthenga kwa mkazi, mwamuna kapena makolo upite ndi miyendo, anthu awiri achikulire, wamwamuna ndi wamkazi. Wa kumudzi musaimbire mayi mwachindunji. Imbirani atsibweni, mkulu wa mpingo kapena anyakwawa, iwowo akakhale nawo pansi amayiwo n'kuwauza.

Kupolisi kupite anthu awiri okha, m'bale mmodzi ndi wa komiti mmodzi wodekha, wodziwa kulemba. Agule kope lachikuto cholimba tsiku lomwelo, kope la nkhani imeneyi yokha. Patsamba loyamba alembe dzina la polisi, nambala ya RRB imene amapereka nkhani ikangolandiridwa, kenako nambala ya mlandu ya CR ikatuluka, dzina la wapolisi wofufuza, udindo wake ndi foni yake. Milandu yakupha kawirikawiri imapita ku nthambi ya CID Homicide, choncho amene anafika pamalo usiku uja sakhala amene adzayende ndi mlandu. Funsani kuti doketi, fayilo ya mlanduwo, lapita kwa yani. Popanda manambala amenewa, pakatha miyezi iwiri mudzafika pakauntala n'kumafotokoza kuti "uja anabayidwa pafupi ndi njanji", wapolisi watsopano n'kumangokuyang'anani. Katundu wa malemu amene apolisi atenga, foni, chitupa, ndalama, makiyi, alembedwe m'kopemo chimodzichimodzi.

Mboni zikamapereka sitetimenti zili ndi ufulu woti iwerengedwe kaye zisanasayine. Agogo athu ambiri Chishona amalankhula cha pamsika, koma pa nkhani yoopsa lilime limabwerera kwawo, ndipo mawu amodzi olembedwa mokhota loya adzawagwiritsa ntchito kukhoti. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Munthu asachite manyazi kunena kuti, "Bwana, ndilankhula Chichewa, pakhale wotanthauzira."

Usiku woyamba ndi woopsa kuposa masiku ena onse. Dzina la woganiziridwa limakhala litayamba kale kuyenda pakamwa, ndipo anyamata amakhala ataima m'timagulu kumdima, ena atalawa kale. Kuwalalikira kuti akhululuke usiku umenewo n'kutaya mawu. Chimene chimathandiza n'kuwapatsa ntchito yolemetsa, aliyense kumutchula dzina: awa akatenge nkhuni, awa akabwereke tenti ndi mabenchi kutchalitchi, awa akatunge madzi kumjigo, awa alondere pageti. Amene akupsa mtima kwambiri, kawirikawiri mng'ono kapena mnzake wapamtima wa malemu, akhale pafupi ndi amalume ake usiku wonse, asasiyidwe yekha. Taona nyumba ikutenthedwa kenako n'kudziwika kuti mwini wake anali kwina tsiku limenelo. Taonanso banja limodzi likulira maliro uku likuyendera ana ake awiri kundende. Amene akudziwa kanthu akanene kwa wofufuza, osati pamoto.

Pali chinthu china chimene ambiri safuna kuchimva. Nthawi zambiri wopha sachokera kutali. Ndi mpongozi, ndi wobwereka chipinda m'nyumba yomweyo, ndi mwana wa mayi amene timakhala naye benchi limodzi ku Chigwirizano. Mayi ameneyo sanaphe munthu, ngakhalenso adzukulu ake. Akulu awiri apite mwakachetechete akawasamutsire kwa abale kudera lina kwa masiku angapo, ndipo apolisi adziwitsidwe kumene ali kuti zisaoneke ngati akuthawa. Kuchita zimenezi si kupeputsa anamfedwa. N'kuteteza mudzi kuti usalire maliro achiwiri.

Tsopano za thupi. Imfa yotere siilembedwa popanda dokotala wa boma kupima mtembo, ndipo apolisi ndi amene amapempha zimenezi. Kuno mitembo yambiri imapita ku mochale ya Parirenyatwa, ya Sally Mugabe imene ambiri timaitchabe Gomo, kapena ya Chitungwiza. Madokotala a ntchito imeneyi ndi ochepa, choncho kudikira kumatha kukhala kwa masiku awiri, kumathanso kupitirira sabata. Cholakwika chachikulu chimene makomiti amachita ndicho kulengeza tsiku loika maliro thupi lisanamasulidwe. Abale akwera basi kuchokera ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, manda alipiridwa, nkhuku zaphedwa, kenako uthenga ukubwera kuti dokotala abwera Lachiwiri. Tsiku lisatchulidwe mpaka chikalata cholola kuika maliro, chimene tonse timachitcha burial order, chili m'manja mwanu. Podikirapo, siwa ikhale yaing'ono: abale ndi aneba ochepa masana, mapemphero madzulo, anthu n'kubwerera kwawo. Ufa umene ukanathera pa anthu 200 kwa sabata yathunthu udzafunika kutsogoloku.

Abale athu achisilamu zimawawawa kwambiri, pakuti mwambo wawo ndi woika msanga, ndipo kung'amba thupi mtima suvomera. Shehe apite limodzi ndi abale kwa wofufuza akafotokoze mwaulemu, nthawi zina zimathandiza kuti zifulumire. Koma kupimako sikungalumphidwe, ndipo ndi bwino shehe yemweyo awauze anamfedwa zimenezi, chifukwa lipoti la dokotala ndi limene lidzalankhule m'malo mwa malemu kukhoti.

Wokazindikira thupi asakhale mayi wobereka kapena mkazi wa malemu ngati pali wina. Apite amalume kapena achimwene aakulu, atadya kanthu, ali ndi wowaperekeza. Atenge chitupa chawo ndi cha malemu. Apa m'pamene vuto lakale la anthu a kwathu limatulukira. Makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ambiri nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963 kapena m'mbuyo mwake, ndipo alembi ankalemba mayina mmene awamvera. Lero bambo ndi Phiri, mwana ndi Piri. Pena pali l, pena pali r. Wina chitupa chake n'cholembedwa kuti ndi mlendo, wina alibe n'komwe. Ndime 43 ya malamulo a 2013 inapereka unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linali la dziko la SADC ngati ankakhala muno, koma si onse anakasintha zitupa. Dzina lilembedwe pa mapepala onse ndendende mmene lilili pa chitupa cha malemu, ngakhale inu mukudziwa kuti kwawo salitchula choncho. Chilembo chimodzi chikasiyana, a inshuwalansi, a penshoni ndi a kaundula adzakubwezani. Ngati malemu analibe pepala lililonse, konzani msanga achibale achikulire okhala ndi zitupa amene angakalumbire kuti ankam'dziwa, ndipo kalata ya ubatizo, ya kusukulu kapena ya kuntchito ifufuzidwe m'masutikesi. Burial order si satifiketi ya imfa. Satifiketiyo imatengedwa pambuyo pake ku ofesi ya kaundula, ndipo ikatuluka jambulitsani makope osachepera khumi, akadindidwe kupolisi.

Thupi likapita kwa okonza maliro, wina akalione kaye asanalengeze kuti anthu adzaona nkhope. Okonza maliro amatha kubisa mabala ambiri, koma si onse. Ngati nkhope yawonongeka, bokosi litsekedwe, ndipo abale enieni amene akufuna kutsanzika aone padera m'chipinda, atauzidwiratu zimene akaone. Osambitsa thupi, adzukulu kapena asahwira monga anzathu achishona amawatchulira, auzidwenso kuti akapeza msoko wautali kuyambira pachifuwa kutsika m'mimba, nthawi zina ndi wina kumutu, ndi wa dokotala. Pamene izi sizinanenedwe, wina amatuluka akunong'ona kuti ziwalo zachotsedwa, ndipo mphekesera imeneyo ikalowa m'khamu kuibweza n'kovuta.

Ngati imfa inachitikira m'nyumba, pali ntchito imene palibe amaikumbukira mpaka namfedwa atatsegula chitseko. Chipindacho chisatsukidwe apolisi asananene kuti athana nacho, ndipo chisatsukidwe ndi abale. Anthu atatu olimba mtima a mumpingo kapena a sosayate avale magolovesi a pulasitiki okhuthala, atsegule mawindo, ayambe achotsa magazi ndi nsanza kapena manyuzipepala, kenako athire Jik wosungunula, kapu imodzi ya Jik m'makapu asanu ndi limodzi a madzi, adikire mphindi khumi asanakolope. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake umapweteka m'chifuwa. Matiresi ndi mabulangete olowa magazi sachapika, atayidwe, abale atavomera. Pakhoma ngati pali madontho, tini imodzi ya penti imakwana. Sunthaninso bedi liime mbali ina. Zimaoneka zazing'ono, koma mwana amene adzagonemo amaona kusiyana kwake.

Ndalama ndi zimene zimaphwasula mgwirizano msanga. Chipepeso, chimene kuno tazolowera kuchitcha chema, chilandiridwe ndi anthu awiri okhala pamodzi, mmodzi wa banja, mmodzi wosakhala wa banja, ndipo aliyense wopereka alembedwe dzina ndi ndalama yake, madola a America padera, ndalama ya muno ya ZiG padera. Nambala yolandirira ndalama pafoni ya EcoCash ikhale imodzi yokha, yolengezedwa ndi mwini mbumba, chifukwa pa imfa yomveka pamabuka anthu otolera m'dzina la maliro amene banja siliwadziwa. Za ku Mukuru ndi InnBucks zikatengedwa zilowe m'buku lomwelo ndi lisiti lake. Madzulo aliwonse, mapemphero akatha, msungichuma awerenge mokweza zolowa ndi zotuluka. Musanagule bokosi fufuzani ngati malemu anali ndi polise ya maliro kapena anali mu sosayate, ndiponso ngati sanatsalire m'mbuyo pa zopereka, pakuti polise yolumpha miyezi imatha kukanidwa. Ngati ankagwira ntchito yolembedwa, bungwe la boma la penshoni la NSSA lili ndi thandizo la maliro ndi la otsala, ndipo abwana ake afunsidwe za malipiro otsalira.

Langizo limene timaliumirira, ngakhale ena amatida nalo, ndi ili: gawo limodzi mwa magawo atatu a chema lisakhudzidwe pa maliro. Padzakhala wina wonena kuti m'bale wathu wafa imfa yowawa, apite m'bokosi lokongola. Tikumvetsa. Koma lendi ya mwezi wamawa, fizi ya ana, ndi ndalama ya kombi yopitira kukhoti kakhumi kapena kuposa, zonsezi zikubwera, ndipo nthawi imeneyo mbale ya chema idzakhala itabwerera mukabati.

Kukhitchini, thumba la ufa la makilogalamu 10 limadyetsa akuluakulu 40 kapena 50 chakudya chimodzi. Werengani anthu, musaphike mongoganiza. Kabichi, nyemba ndi soya zimakwana masiku odikira, nyama isungidwe ya tsiku loika. Makiyi a chipinda cha zakudya asunge mayi mmodzi. Madzi m'madera athu ambiri satuluka tsiku lililonse, choncho migolo iwiri ya malita 200 idzazidwe m'mawa uliwonse, wakumwa uthiridwe mankhwala. Pageti ndi pafupi ndi chimbudzi pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo, osati beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse. Amene anaona kolera ya 2008 ndi ya 2018 ku Budiriro ndi Glen View sangatsutse zimenezi.

Funso lakuti aikidwe kuno kapena kumudzi lisayankhidwe ndi misozi. Ambiri mwa ife makolo athu agona ku Granville kumene timati ku Mbudzi, ku Warren Hills kapena ku Mabvuku, ndipo kwathu kwenikweni ndi kuno. Koma amene anabwera posachedwa, mayi ake ali moyo ku Ntcheu, banja limafuna apite. Ulendo wake ndi wodzera ku Nyamapanda, kudutsa Tete m'dziko la Mozambique, n'kukalowera ku Mwanza kapena ku Dedza. Kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, koma zipata zimadya maola ambiri. Thupi liyenera kukonzedwa ndi mankhwala, pakhale zikalata za azaumoyo zolola kuti lituluke, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi kuno ku Harare idziwitsidwe msanga. Wofufuza mlandu auzidwe poyera kuti thupi likutuluka m'dziko. Pitani kwa okonza maliro awiri kapena atatu amene anayendapo njira imeneyi, aliyense alembe mtengo wake papepala, ndipo mufunse ngati mapepala a m'zipata ali momwemo. Operekeza akhale okhawo amene mapasipoti awo ali bwino. Munthu mmodzi wa mapepala otha amaimitsa galimoto ya maliro padzuwa la ku Nyamapanda tsiku lonse.

Pa mwambo wa maliro, olankhula asankhidwiretu ndipo auzidwe kuti dzina la woganiziridwa lisatuluke pakamwa pawo. Atolankhani akabwera, wolankhula nawo akhale mmodzi, anene za moyo wa malemu, za mlandu awalozere kupolisi. Abusa kapena shehe apemphedwe mwaulemu kuti asathamangire kunena kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Mayi amene mwana wake waphedwa ndi munthu mawu amenewo amam'baya.

Kenako anthu amabalalika, ndipo apa m'pamene ntchito yeniyeni imayambira. Womangidwa amayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kawirikawiri kwa majisitireti ku Rotten Row kapena ku Mbare. Kumeneko mlandu suzengedwa, amangopatsidwa tsiku lina, kenako linanso. Mlandu wakupha umazengedwa ku High Court, ndipo kufika kumeneko kumatenga nthawi yaitali. Banja liuzidwiretu zinthu ziwiri kuti zisadzawadzidzimutse. Choyamba, woimira boma ndiye mwini mlandu, banja silifunika kulemba loya kuti wopha azengedwe. Chachiwiri, woganiziridwa atha kupatsidwa belo, ndipo tsiku lina mudzakumana naye pamsika. Belo si kutha kwa mlandu, ndipo kawirikawiri imabwera ndi lamulo loti asayandikire mboni. Akaopseza munthu, tsiku, nthawi ndi mawu ake zilembedwe m'kope lija, mauthenga a pafoni asafufutidwe, wofufuza ndi woimira boma auzidwe tsiku lomwelo.

Milandu yambiri imafooka chifukwa mboni zasowa. Anthu athu ambiri ndi a lendi, chaka chisanathe asamukira ku Hopley, ku Norton kapena ku South Africa, nambala yasintha, ndipo masamoni akabwera palibe wowalandira. Wosunga kope akhale ndi nambala ziwiri za mboni iliyonse, yake ndi ya m'bale wake, ndipo aziimba mwezi uliwonse. Mboni ina imaopa kukhoti chifukwa mapepala ake okhalira muno sali bwino. Imeneyo iperekezedwe kukafunsa malangizo kwa maloya othandiza osauka a Legal Aid Directorate, m'malo moisiya ithawe. Tsiku lililonse la khoti, namfedwa aperekezedwe ndi anthu awiri, mosinthana, ndalama ya kombi ichokere mu gawo lija munasunga. Mlandu suola, koma umafuna woukumbutsa.

Tikukhala pakati pa anzathu achishona, ndipo ambiri takwatirana nawo, choncho nkhani ya chimene iwo amachitcha ngozi, mzimu wobwezera wa munthu wophedwa, idzabwera ndithu. Banja la wopha limatha kutumiza nthumwi ndi ndalama, chakudya kapena lonjezo la ng'ombe. Kulandira kapena kukana ndi kwa eni maliro, komiti isawakakamize mbali iliyonse. Akalandira, pakhale mboni za mbali zonse, zilembedwe, ndipo onse amve kuti zimenezi sizitseka mlandu wa boma. Aliyense wonena kuti "talipira, kauzeni mboni zisapite" akuika banjalo m'mavuto. Ziwiri zokha ndi zimene timakaniratu: kusiya mtembo pakhomo la eni mlandu pofuna kuwakakamiza kulipira, ndi kupereka mwana wamkazi ngati malipiro a mzimu. Chachiwirichi lamulo la Domestic Violence Act la 2007 limachiletsa, ndipo ngakhale likanapanda kuletsa, mwanayo sanalakwe kanthu.

Ana amene anaona kapena kumva zimene zinachitika amafuna diso lapadera. Musawanamize kuti bambo apita kuulendo, adzamva kwa anzawo kusukulu mwanjira yoipa. Auzeni zoona m'mawu ochepa: "Adadi amwalira, munthu wina anawapweteka, apolisi akufufuza, iwe uli ndi ife." Kukodza pogona, kulota zoopsa, kukakamira munthu wamkulu, kusewera zophana, zonsezi zimachitika m'masabata oyamba ndipo si zomukwapulira mwana. Asamafunsidwe ndi mlendo aliyense kuti afotokoze zimene anaona. Wofunsa akhale wapolisi wa Victim Friendly Unit, nthambi yothandiza ana ndi ochitiridwa nkhanza, pali munthu wamkulu amene mwanayo amam'khulupirira. Abwerere kusukulu msanga, aphunzitsi atauzidwa. Childline imayankha pa 116 kwaulere. Ngati imfayo inachokera ku nkhanza za m'banja, bungwe la Musasa limathandiza amayi ndi uphungu ndi malo obisala, ndipo mwina m'nyumba yoyandikana muli mayi wina amene akumenyedwa chimodzimodzi, amene maliro amenewa am'tsegula maso. Amayi a mpingo akhale tcheru kumva mawu ake.

Akuluakulu nawonso amadwala. Amene anapeza thupi, amene anakazindikira kumochale, amene anatsuka chipinda, kawirikawiri palibe amawafunsa. Pakatha mwezi munthu akadali wosagona, wosadya, wodzidzimuka chitseko chikamenyeka, kapena wayamba kumwa kuposa kale, aperekezedwe kukiliniki. M'makiliniki ambiri a khonsolo muli agogo a Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, ndipo amamvetsera munthu pabenchi kwaulere. Amene wayamba kunena kuti bola kum'tsatira malemu asasiyidwe yekha ngakhale usiku umodzi, mankhwala a makoswe ndi a mbewu achotsedwe m'nyumba, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Katundu wa malemu asagawidwe pa tsiku losesa, kupatula zovala. Nyumba, galimoto, ndalama za kubanki, zonse zidikire kulembetsedwa ku ofesi ya Master of the High Court kapena kwa majisitireti. Lamulo la muno limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana kuti akhalebe m'nyumba ndi ziwiya zawo, ndipo m'bale wochokera kutali amene wayamba kunyamula firiji auzidwe zimenezi ndi akulu, pagulu. Eni nyumba ya lendi apitiridwe ndi anthu awiri kukapempha mwezi umodzi kapena iwiri yopumira. Kusukulu mufunse za BEAM, thandizo la boma la fizi ya ana ovutika, ndipo mufunse msanga chifukwa mayina amalembedwa pa nyengo yake.

Malo amene munthu anaphedwera asasiyidwe mmene analili. Loweruka lotsatira anyamata aja atenge zikwanje akadule udzu ndi chimanga chotchinga njira, khansala wa dera alemberedwe kalata ya magetsi a mumsewu yosayinidwa ndi anthu ambiri, ndipo obwera usiku kuchokera kumafakitale agwirizane zodikirana potsikira kombi kuti aziyenda atatu atatu. Ofuna kulondera usiku akalembetse kupolisi ngati gulu la chitetezo cha m'dera. Gulu losalembetsa, lonyamula zibonga, mwezi usanathe limakhala litamenya munthu wosalakwa.

Tenti isanatsitsidwe, anthu akadali pamodzi, mlembi atsegule tsamba latsopano m'kope lija alembe masabata 12 otsatira, sabata iliyonse ndi mabanja awiri. Ntchito yawo ndi kufika pakhomopo kawiri pa sabata, kusuzumira mu ndowa ya ufa osafunsa, kuona ngati ana apita kusukulu, ndi kukhala pansi ngakhale palibe chonena. M'masabata awiri oyamba mayi mmodzi wachikulire azigona komweko. Pansi pa tsambalo palembedwe tsiku lotsatira la khoti, ndi dzina la amene adzagogode pachitseko cha namfedwa madzulo oti mawa lake ndi khoti kuti, "Amayi, mawa ndidzakutengani 7 koloko, ya kombi ndili nayo."